Nsambo Yomaliza ya Ababa

Ndinadzidzimuka kunja kusanache, atambala a kwa aneba asanayambe n'komwe kulira. Tinali titagona pansi pabalaza, azimayi okhaokha, mothinana ngati usipa m'dengu, bokosi la Ababa lili pakati pathu pamkeka. Kunkazizira koopsa, chisanu chija cha mu Julaye chimene chimalowera pansi pa chitseko n'kukuyamba kumapazi. Koma chimene chinandidzutsa si chisanu ayi. Panja, pamene azibambo ankawotha moto, munthu wina ankaimba gitala.

Poyamba ndinkayesa maloto. Ndinangoti chete, chitenje chili kumutu, khutu lili panja. Inali nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, yoimbidwa bwino ndithu, azibambo akuvomera chapansipansi ndi mawu a tulo. Gitalayo ndinaizindikira. Inali ya Ababa, yaing'ono ija, koma inkalankhula ngati gitala ya munthu wina aliyense.

Gitala imeneyi Ababa anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni asanakwatire Amayi, ndipo ankati anaigula ili yokalamba kale. Ndi kanthu kakang'ono, ka m'chiuno mowonda, kopepuka moti ukakanyamula umakayikira ngati wanyamuladi kanthu. Pamene pamagona mkono panasuluka mpaka thabwa kuonekera, ndipo kumsana kwake kuli mng'alu umene anamata okha ndi guluu wa akalipentala. Ankaiimba ataigoneka pamiyendo, akutsetsereza kabotolo ka mankhwala pa nsambo, kaimbidwe kamene anzawo a ku migodi ankakatcha hauyani. Nsambozo sankazichuna monga amachitira a kwaya kapena a mabandi. Anali ndi kachunidwe kawokawo, kamene anawaphunzitsa mnzawo wina amene anafera komweko ku Joni. Ukangoyendetsa chala pa nsambo zonse, osagwira pena paliponse, gitalayo inkayamba yokha nyimbo yawo ya sitima yobwerera kumudzi. Nsambo zikuluzikulu zinkagunda ngati mawilo panjanji, ndipo yaing'ono kwambiri ija inkaliza mluzu.

Madzulo alionse, chikhalireni m'nyumba ino ya ku Kawale, Ababa ankakhala pakhonde n'kuyamba kuchuna, kuyambira nsambo yaikulu kutsikira ku yaing'ono, khutu atalitsamiritsa pa thabwa. Amayi ankakhala kuseri kwa khoma akuwatenthetsera madzi osamba. Gitalayo Amayi sankaifuna n'komwe. Ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo sipankatha madzulo osamveka mawu awo aja: "Inu! Madzi akuzizira!" Ana tonse tinakula ndi mawu amenewo. Ine nditaigwira kamodzi ndili mtsikana, Amayi anandimenya padzanja ndi chipande, amvekere gitala ndi ya anthu oyendayenda.

Ndinadzaigwiranso ndili ndi ana anga akuluakulu, chaka chathachi, pamene manja a Ababa anayamba kunjenjemera. Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkakwera minibasi kuchokera kwathu ku Area 25, ndipo iwo ankandionetsa pamene kabotolo kamaima, pamene kamathamanga, pamene kamanjenjemera dala. Nyimbo ya sitima ija ndinaigwira. Koma kuchuna ankachuna okha. Ndikawapempha kuti andiphunzitse ankangoti, "Mawa, mwana wanga. Ukuthamangira kuti?" Ndikatulutsa foni kuti ndiwajambule, ankaika gitala pansi n'kuyamba kundifunsa za mtengo wa feteleza. Atagonekedwa m'chipatala, gitala inatsala pamsomali wake pabalaza monga anaisiyira. Ndinaganizapo zojambula kulira kwa nsambo iliyonse pa foni, koma ndinaona ngati ndikulosera imfa munthu akupuma. Ndinati ndidzachita zonse zikatha. Manja anga ankadziwa njira ya nyimboyo, koma njirayo inkayendeka pa kachunidwe kawo kokha.

Ndiye mwambo wathu mukuudziwa. Uthenga wa maliro ukangofika, aneba amatulutsa katundu yense wa pabalaza kuti olira apeze pokhala. Ine ndinali kumochale pamene ankachita zimenezi. Mipando, kabati, wailesi, zithunzi za pakhoma, zonse zinakaunjikidwa pakhonde la kuseri. Gitala inapita nazo limodzi, ndipo m'chipwirikiti cha masiku amenewo sindinayang'ane n'komwe pamsomali paja.

Ndinadzuka, n'kudumpha miyendo ya anthu ogona, n'kutuluka. Woimbayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amene amatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo ku Chilinde. Munthu wabwino, sindinganame. Chichitikireni zovutazi anali asanagone. Tenti anakapeza ndi iye, nkhuni anasenza ndi iye. Atandiona anamwetulira ngati mwana wokhoza mayeso.

"Alamu, ndaipeza kuseri pa mipando," anatero. "Inali yosokonekera zedi, waya aliyense payekhapayekha. Madala mwina makutu anali atatopa. Koma ndalimbana nayo, pano ili bho."

Ine ku Kawale kuno amandidziwa, pakamwa panga sipachedwa, ndinatengera Amayi. Mawu anafika mpaka pakhosi, otentha. Koma mtembo uli m'nyumba munthu sukweza mawu, ndiponso azibambo onse anali akundiyang'ana. Ndinangotambasula manja. Ndinati, "Zikomo alamu, mwagwira ntchito," n'kuilandira.

Ndinakalowa nayo kuchipinda kwa Amayi, kumene zikwama za alendo zinali mbwee, n'kutseka chitseko. Ndinayendetsa chala pa nsambo. Munatuluka mawu achilendo, osandidziwa. Ndinagwira tizitsulo topotera nsambo, koma ndikanayambira pati? Apo m'pamene ndinalira kulira kwenikweni, kumene kunali kusanabwere ngakhale kuchipatala. Azimayi a pabalaza atamva anadzuka n'kuyamba kubuma, monga zimakhalira pamaliro kukamacha. Iwo ankalira Ababa. Inenso ndinkalira Ababa, koma ndinkaliranso nyimbo imene ndinkayesa kuti andisiyira.

Kutacha, ntchito inandimeza. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka pa mafuwa angapo, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha chisanu. Nyemba zinali zitagonera pamoto. Azimayi ena ankadula kabichi, ena anali pamzere wopita kumpopi ndi zigubu. Miphika ikuluikulu inali yobwereka kutchalitchi, uliwonse wolembedwa ndi penti kuti usasokere. Adzukulu, okumba manda, anali atapita kale ndi makasu awo, ndipo chakudya choyamba chinayenera kupita kwa iwo, apo ayi tikanamva zina. Pamsewu anali atayala masamba uku ndi uku. A kabaza ankatsika panjinga n'kumakankha, a minibasi ankachepetsa nyimbo zawo akafika pamasambapo, n'kudzakwezanso atangodutsa.

Anthu anayamba kukhamukira dzuwa litakwera pang'ono. Lole ya kumudzi kwathu ku Dowa inafika okwera ali ndi fumbi mpaka m'nsidze, kumbuyo atamangirira nkhuni ndi thumba la ufa. Azimayi ankayamba kulira akadali pakona, n'kulowa m'nyumba chogwada. Kunabwera a ku Mtsiliza, a ku Biwi, a ku Area 36, ena mwa iwo anthu amene Ababa ankawasokera mathalauza pakhonde la sitolo atabwerako ku migodi. Mphepo inayamba, ya fumbi lofiira, tenti ikukupiza ngati ikufuna kuuluka. Amayi anali chikhalire kumutu kwa bokosi, atafunda chitenje chakuda, azichemwali awo atawatsamira mbali zonse. Mayi amene mawu awo ankamveka mpaka kumsika, tsiku limenelo sanatulutse liwu.

Ine ndinkagawa mbale, ndinkalandira alendo, koma mutu unali pa nsambo. Ndinagwada pafupi ndi agogo ena aamuna a ku Dowa amene anapita ku migodi nthawi imodzi ndi Ababa, n'kuwafunsa ngati akukumbuka mmene mnzawoyo ankachunira. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo a nkhungu. Anati iwo ankangovina. Oimba aja anatha onse, wotsala anali yemweyu wagona m'bokosiyu.

Chakumasana galimoto yotuwa inaima patali ndi masamba, ndipo munatuluka bambo ena a imvi, a kumayadi. Ndinawadziwa. Amasonkhanitsa magitala akale, ndipo anakhala akubwera kudzanyengerera Ababa kuti awagulitse gitala yaing'onoyo. Ababa ankawapatsa tiyi, kuwaimbira nyimbo imodzi, n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto chimanjamanja. Tsiku limenelo bambowo sanafune mpando. Anakhala panjerwa pakati pa azibambo ena. Ndinati ngati alipo munthu amene anayang'anitsitsa zala za Ababa, ndi ameneyu.

Ndinawaitanira pambali, kuseri kwa lole, n'kuwafotokozera. Anavula chipewa n'kupukusa mutu.

"Mayi, ndinawafunsa kangapo konse," anatero. "Ankangoseka, amvekere bwerani mawa."

Anandiuza kuti timagitala tating'ono totere tinkapangidwa kalekale, zokuzira mawu zisanabwere, kuti tiziimbidwa m'nyumba, munthu ali ndi banja lake. Thabwa lake lauma zaka zambirimbiri, n'chifukwa chake mawu sachedwa kutuluka, ndipo sagunda ngati ng'oma monga amachitira magitala akuluakulu a masiku ano. Amangolunjika kwa amene wakhala pafupi. Anati kunja anthu amatisakasaka, ndipo iwo ali nato tingapo kunyumba kwawo, topachika pakhoma. Koma panalibe kamodzi kolira ngati ka Ababa. Poyamba ankayesa kuti nkhani ndi thabwa. Atazindikira kuti ndi kachunidwe, ankati akachoka kuno ankathamangira kwawo nyimbo idakali m'khutu, n'kupota nsambo mpaka kudula, osakapeza.

"Lero sinditchula zogula," anatero pomaliza.

Ndinawayankha kuti ngakhale mawa asadzatchule. Anaseka pang'ono, misozi ikulengeza, ndipo ndinaona kuti nawonso aferedwa.

Mwambo wa mapemphero unayamba dzuwa litapendeka pang'ono. Analankhula a kuchimuna, a kuchikazi, amfumu a m'dera lathu, a mpingo. Anatchula za ku migodi, za makina osokera, za ana ndi zidzukulu. Za gitala sanatchule ndi mmodzi yemwe. Kwaya ya mlamu wanga inaimba mokoma, ndipo kukoma kwakeko kunandipsetsa mtima. Poona nkhope ine ndinkafuna kuona manja, koma bokosi anangolitsegula kumutu kokha.

Bokosi analikweza pa lole yaing'ono, azimayi a mpingo ovala zoyera atalizungulira, akuimba. Ena tinkatsatira m'maminibasi, ena wapansi, pang'onopang'ono. Podutsa pamsika, ogulitsa tomato anaimirira, okazinga chipisi anavula zipewa, wokonza mawailesi wina anazimitsa nyimbo zake. Tinadutsa pakhonde la sitolo pamene Ababa ankasokera. Pano pamakhala wogulitsa mayunitsi. Mphepo inkatenga nyimbo ya azimayi n'kuitayira uko, n'kuibwezanso. Ine ndinkayesa kuimba ya sitima chamumtima kuti isandithawe, koma ya azimayiyo inkaiphimba.

Kumanda dothi linali lofiira, louma, adzukulu ali mbuu kumaso. Atatsitsa bokosi, abusa anaponya dothi, ndipo linagunda pa thabwa. Ndinaima pafupi ndi mng'ono wanga. Ndinamunong'oneza zimene mwamuna wake anachita, osati mokalipa, mphamvu zokalipira zinali zitatha. Anagwira pakamwa. Makasu ankasinthana manja, dzenje likudzaza, ine ndikungofunsa mumtima kuti, Ababa, mawa munkanena lija lili kuti? Tinaika nkhata, Amayi poyamba, ana pambuyo. Ya Amayi mphepo inaigubuduza, ndipo mmodzi wa okumba manda aja anaibweza n'kuipsinja ndi mwala.

Pobwerera, anthu anasamba m'manja pa mabeseni a pachipata, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Lole ya ku Dowa inanyamuka kusanade. Masamba a pamsewu anawachotsa, ndipo minibasi yoyamba inadutsa nyimbo ili pamwamba. Azibambo anagwetsa tenti n'kuyamba kubweza katundu pabalaza. Ndili pakhomo, mlamu wanga anabwera maso ali pansi, m'manja muli kabotolo ka Ababa kaja.

"Alamu, aka kanagwera kuseri kwa kabati. Sindinakataye. Ndati ndifunse kaye."

Ndinakalandira ndi manja awiri. Anafuna kunena zina, koma ndinamuuza kuti apite akagone, watopa.

Dzuwa litalowa, nyumba inangoti zii. Azakhali ndi azichemwali a Amayi anali kuseri akutsuka miphika yobwereka ija. Ndinawagwira Amayi padzanja kuwalowetsa kuchipinda kuti akapumule. Zikwama za alendo zinali zitachoka, ndipo pabedi panatsala gitala yokha, pamene ndinaisiya m'mawa.

"Ndani wagoneka mkazi mnzangayu pabedi panga?"

Amenewo anali mawu awo oyamba tsiku lonse, osasa chifukwa cha fumbi. Ndinathamangira kuti ndiichotse, koma anandigwira mkono. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyendetsa chala chimodzi pa nsambo, iwo amene ndinali ndisanawaonepo akuikhudza. Anakwinya nkhope.

"Ndinamva m'mawa muja," anatero. "Ndinadziwa kuti wina waigwira. Mawu awa si a abambo ako."

Ndinawauza kuti kachunidwe kaja kapita nawo kumanda, palibe akukadziwa, ngakhale bambo a kumayadi aja. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikaswa mbale.

"Khala apo. Yamba ndi waya wamkuluyo."

Anatsinzina, n'kutulutsa liwu limodzi pakamwa pali potseka, lotsika, lalitali. Amayi aimba m'gulu la azimayi kutchalitchi moyo wawo wonse, khutu lawo silinama. Ndinapota kachitsulo pang'onopang'ono, ndikuopa kuti nsambo zokalambazo zingaduke.

"Tsitsa. Tsitsabe. Aa, wapitirira! Ukupota chingwe cha mbuzi kodi? Bweza pang'ono."

Kenako liwu lawo ndi la nsambo anakumana n'kukhala limodzi. Tinapita pa yachiwiri, pa yachitatu. Sankaganiza n'komwe, liwu lililonse linkangobwera lokha pambuyo pa linzake, monga ankalimvera kuseri kwa khoma madzulo onse a ukwati wawo, akusonkhezera moto pansi pa ndowa. Ndinafuna kuwafunsa kuti, nanga Amayi, si inu munkati simuifuna? Koma ndinaopa kuwadula. Tinamaliza yachinayi, tinamaliza yachisanu. Inatsala imodzi, yaing'ono kwambiri ija, ya mluzu wa sitima.

Ndinaika chala pa kachitsulo kake n'kudikira. Amayi anakoka mpweya. Palibe chimene chinatuluka. Anayambiranso ku yaikulu, n'kutsika nazo zonse zisanu, n'kudzaimanso pomwe paja.

"Iyi sindikuidziwa," anatero.

"Yesaninso, Amayi."

"Sindinaimvepo payokha, mwana wanga. Akafika pamenepa m'pamene ndinkakuwa kuti madzi akuzizira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tsiku ndi tsiku. Ngati kuti madziwo akanathawa."

Kuseri miphika inkagundana. Kenako ndinagoneka gitala pamiyendo, ndinatenga kabotolo, n'kuyamba nyimbo pa nsambo zisanu. Inabwera. Sitima inanyamuka, mawilo akugunda monga ankagundira pakhonde, Ababa ali pafupi moti ndinatsala pang'ono kucheuka. Pofika pamene sitima inkaliza mluzu ikayandikira kwathu, panali chete, ndipo ndinangodutsapo n'kupitiriza. Ndinawasowa Ababa pamenepo kuposa mmene ndinawasowera kumanda.

Amayi aang'ono anagogoda pawindo. "Achemwali, madzi osamba taika kale kubafa. Tabwerani, akuzizira."

Amayi sanatembenuke n'komwe.

"Asiyeni azizire," anatero. Kenako anandigwira pabondo. "Yambiranso."